Ufa umene umadya chitsulo: mmene amisiri amasalazira mavalavu, magalasi ndi zida zoyezera

Injini ya chigayo ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kapena njinga yamoto ya kabaza ikamalephera chitunda chimene kale inkakwera itanyamula anthu awiri, makaniko amapukusa mutu n'kunena kuti kompulesheni ikuthawa. Akamasula hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, nthawi zambiri amatulutsa kachitini kokhala ndi zivundikiro ziwiri, china pamwamba china pansi. Mkatimo muli phala lotuwa, mbali ina lokhakhala, mbali ina losalalako. Amapaka pang'ono m'mphepete mwa valavu, kachitseko kolowetsa kapena kutulutsa mpweya mu injini, amaibwezera pamalo pake, amamatikapo kamtengo kokhala ndi labala kunsonga, kenako amapukusa kamtengoko m'manja ngati akupeka moto. Poyamba pamamveka khwee khwee wa mchenga. Pakapita kanthawi phokosolo limafewa, ndipo mmisiri amadziwa ndi khutu kuti phala latha mphamvu.

Tsiku lina ndinaima pa galaja ina ndikudikira galimoto yanga, mnyamata wophunzira ntchito n'kufunsa abwana ake: "Koma bwana, phala limeneli si mchenga wothira girizi basi? Bwanji osangotapa wa panjapa?" Mkuluyo sanadzutse n'komwe mutu. "Katape mphwanga, koma injiniyo ukalipira wekha." Anaseka onse, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaona kuti funso la mnyamatayo linali labwino kuposa yankho limene analandira, chifukwa ntchito ya kachitini kaja ndi yomweyo imene imapanga magalasi a maso, mapampu a madzi osadontha, ndi tizipangizo ta mu foni.

## Kusalaza n'kukanda ndithu

Ntchito imeneyi pa Chingerezi amati lapping. Mumatenga zinthu ziwiri, pakati pake n'kuikapo ufa wolimba wosakaniza ndi madzi, mafuta kapena girizi, kenako n'kumazikhulanitsa pang'onopang'ono. Njere za ufawo sizinamatidwe paliponse. Zimagubuduzika, zimatsetsereka, zikumabudula tinyenyeswa ta chitsulo tosaoneka ndi maso. Apa ndi pamene lapping imasiyanirana ndi galainda. Pa mwala wa galainda njere zinamangidwa pamodzi, mwalawo umazungulira mwaliwiro, umathetheka moto, ndipo chitsulo chimatentha mpaka kusintha mtundu. Galainda imadya msanga koma mwankhanza. Lapping imayenda mwachifatse, siitenthetsa, ndipo imachotsa zochepa kwambiri, kawirikawiri zosakwana makulidwe a tsitsi limodzi.

Kuti timvane bwino tiyenera kukhala ndi muyezo. Tengani milimita imodzi pa lula wa kusukulu, muigawe magawo 1,000. Gawo limodzi ndi maikuloni imodzi. Tsitsi la munthu limakhala cha m'ma maikuloni 70 kunenepa kwake. Amisiri a lapping amakambirana za maikuloni imodzi, theka lake, ngakhale kuchepera apo.

Chimene anthu ambiri sakhulupirira n'chakuti chitsulo chosalala kuti see chimakhalabe ndi timizere tokandika. Mukachiona pa makina okuza zinthu chimaoneka ngati munda wolimidwa. Kusalaza ndi kufufuta mizere ikuluikulu poikapo ing'onoing'ono, kenako kufufuta ing'onoing'onoyo ndi ina yochepa kuposa pamenepo, mpaka timizere titachepa moti diso, chala, ngakhale mpweya wopanikizika sizingatipeze. Mayi amene amakwecha poto ndi mchenga, kenako n'kumalizitsa ndi phulusa kuti awale, amatsata lamulo lomwelo.

## Ndani amakanda mnzake

Kuti njere idye chitsulo iyenera kukhala yolimba kuposa chitsulocho. Koma mawu akuti kulimba amatisokoneza, chifukwa amanyamula zinthu ziwiri. Pali kulimba kosasweka, monga kwa tayala, ndiye pali kulimba kosakandika, monga kwa galasi. Galasi limasweka mukangoligwetsa, koma msomali wamba umavutika kulikanda. Kulimba kofunika pa nkhani yathuyi ndi kwachiwiriku.

M'chaka cha 1812 katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anandandalika miyala khumi potengera kuti ndi uti umakanda unzake. Pansi penipeni anaika talc, mwala wofewa umene amapangira paudala, n'kuupatsa 1. Pamwamba anaika dayamondi, 10. Chikhadabo chanu chili cha pa 2.5, galasi la pa windo cha pa 5.5. Quartz, mwala woyera uja umene ndiwo umachuluka mu mchenga wa m'mitsinje, uli pa 7. Mwala wina wotchedwa corundum uli pa 9. Manambalawa amangosonyeza wamkulu ndi wamng'ono, sasonyeza kuti akusiyana motani. Kuchoka pa 9 kufika pa 10 ndi phompho lalikulu, moti dayamondi amaposa corundum katatu kapena kanayi.

Ndiye mnyamata uja sananame kotheratu. Mchenga uli pa 7, ndipo zitsulo zambiri wamba zili pansi pa pamenepo, choncho mchenga ukhoza kudya valavu. Vuto lake lili pena. Njere za mchenga wa panja n'zosiyana misinkhu, zina ngati ufa, zina ngati shuga. Mukaziika pakati pa zitsulo ziwiri, zikuluzikulu zokha ndi zimene zimasenza katundu yense, ndipo njere imodzi yaikulu imalima ngalande imene mpweya udzathawiremo. Kuwonjezera apo, mchenga wa mumtsinje unagubuduzika zaka zambiri, ngodya zake zinabuntha, ndipo ukapanikizidwa umaphwanyika msanga. Ndalama imene mumalipira pa kachitini kaja mumagula njere zolimba, zakuthwa, ndiponso zofanana msinkhu. Chachitatuchi ndi chimene chimakweza mtengo.

## Mbale yofewa, ntchito yolimba

Pa valavu, zitsulo ziwirizo zimadyana kuti zigwirizane. Koma pa ntchito zambiri pamakhala mbale yathyathyathya imene amakhulirapo chinthu, ndipo chodabwitsa n'chakuti mbaleyo imayenera kukhala yofewa kuposa chinthu chimene akusalazacho. Munthu angaganize kuti ndi yofewayo imene idzadyeke. Koma taganizani za mwana amene wamwaza mchenga pa sopo n'kupondereza. Njere zimalowa mu sopo, nsonga zake n'kutsalira kunja, sopo uja n'kusanduka chokandira. Mbale ya lapping imachita chimodzimodzi: njere zimazika mizu m'chitsulo chofewa, n'kumakanda cholimba chimene chikudutsa pamwamba. Mukatembenuza, mbale n'kukhala yolimba kuposa ntchito, njere zimabisala mu ntchito yanuyo n'kuyamba kudya mbale, ndipo zimapita nazo kumene chipangizocho chikagwire ntchito.

N'chifukwa chake mbale zambiri amazipanga ndi cast iron, chitsulo chotuwa chija cha simbi yamakala ya agogo. Chili ndi timaenje tosaoneka mmene njere zimagwira. Pa ntchito yosalala kwambiri amagwiritsa mkuwa, mtovu, ndipo opanga magalasi amagwiritsa phula. Pa mbalepo amalemba timigula topingasana kuti ufa wotha ntchito ndi nyenyeswa zizigweramo. Wosalaza ndi manja amayendetsa chinthucho ngati akulemba nambala 8, akusinthasintha malo, kuti mbale isakumbike pakati pokha.

Madzi kapena mafuta osakanizira ufa nawo ali ndi ntchito. Amamwaza njere kuti zisaunjikane, amaziziritsa, amanyamula zinyalala. Akakhala olemera kwambiri chinthucho chimayandama osadyeka. Akachepa, zitsulo zimagundana zokhazokha n'kukalana. Palafini ndi mafuta opepuka ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zitsulo, pamene pa galasi ndi madzi.

## Ufa wake ndi wamitundumitundu

Kale anthu ankadalira miyala yokumba. Wotchuka unali emery wa pa chilumba cha Naxos ku Greece, umene ndi corundum wosakanikirana ndi mwala wa chitsulo. Corundum yemweyo akakhala woyera bwino n'kukhala ndi mtundu wofiira amatchedwa ruby, akakhala wa mitundu ina amatchedwa sapphire. Miyala imene imakumbidwa pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi imeneyi. Mwala wa pa mphete ya munthu wolemera ndi njere za pa sandipepa ya kalipentala ndi pachibale, zonse ndi aluminium oxide. Masiku ano ufa umenewu sadalira kukumba corundum. Amaupanga posungunula bauxite, dothi la aluminiyamu longa limene lili pamwamba pa phiri la Mulanje, m'ng'anjo zamagetsi. Njere zake n'zopirira, sizisweka msanga, ndipo zimasiya chitsulo chosalala bwino popanda kukumba kwambiri.

Phala la mavalavu nthawi zambiri limakhala la silicon carbide, ndipo mbiri yake ndi ya munthu amene anaphonya chimene ankafuna. Mu 1891 Edward Acheson wa ku America, amene anagwirapo ntchito kwa Thomas Edison, ankayesa kupanga dayamondi. Anasakaniza dongo ndi ufa wa makala a miyala n'kudutsitsamo magetsi amphamvu. Dayamondi sanatuluke, koma anapeza timiyala tonyezimira tolimba modabwitsa. Poganiza kuti ndi carbon wosakanikirana ndi corundum, anatitcha carborundum, dzina limene amisiri akale amatchulabe. Pofika 1895 fakitale yake inali itasamukira ku Niagara Falls kutsatira magetsi otchipa a pa mathithi. Mpaka lero amaupanga chimodzimodzi, mchenga woyera ndi makala n'kuzitenthetsa kupitirira madigiri 2,000. Tinganene kuti mnyamata wa pa galaja uja analondola theka: phalalo linachokeradi ku mchenga, koma mchenga wodutsa m'moto umene unausandutsa chinthu china.

Silicon carbide ndi wolimba kuposa corundum, koma khalidwe lake lofunika ndi lakuti amasweka ngati botolo. Njere ikapanikizidwa imaphulika n'kusiya ngodya zatsopano zakuthwa. Motero ufawo umadzinola wokha, ndipo ukamagwira ntchito umanka nuchepa msinkhu. Phokoso lija likamafewa m'manja mwa makaniko, ndiye kuti njere zaphwanyika, zayamba kusalaza m'malo mokumba. Ulipo wakuda ndi wobiriwira. Wobiriwira ndi woyengeka kwambiri, ndipo ndi wodula.

Pali zipangizo zina zimene ufa umenewu umazilephera kapena umatenga tsiku lonse, monga tungsten carbide, chitsulo chija chimakhala kunsonga kwa dirilo yoboolera khoma. Pamenepo amatenga boron carbide, ufa wakuda wolimba kuposa silicon carbide, kapena amapita kwa mwini wake, dayamondi.

Munthu akamva za ufa wa dayamondi amaganiza za chuma cha Botswana chikuperedwa. Ayi. Pafupifupi dayamondi yense wa m'mafakitale ndi wochita kupanga, ndipo wambiri amachokera ku China. Kampani ya General Electric inalengeza mu 1955 kuti akatswiri ake, mmodzi mwa iwo Tracy Hall, akwanitsa kusandutsa carbon kukhala dayamondi poipanikiza ndi kuitenthetsa koopsa. Lero phala la dayamondi amagulitsa m'masirinji ngati a kuchipatala, aliwonse ndi mtundu wake wosonyeza msinkhu: maikuloni 15, 9, 6, 3, 1, mpaka kota ya maikuloni. Kadontho kongafanana ndi njere ya mpunga kamakwana ntchito yonse.

Nanga dayamondi mwiniwake amamusalaza ndi chiyani, poti palibe womuposa? Ndi ufa wake womwe. Dayamondi ali ngati nkhuni, imene imawazika mosavuta mbali ina koma mbali ina nkhwangwa imadumpha. Kulimba kwake kumasiyana malinga ndi kumene mwamulowera. Mu ufa njere zimagona mbali zonse, choncho nthawi zonse pamakhala zina zimene zaloza mbali yake yolimba pa mbali yofewa ya mwalawo. Osema miyala a ku Antwerp ku Belgium ndi ku Surat ku India amadalira zimenezi, pa gudumu la cast iron lopakidwa ufa wa dayamondi ndi mafuta.

Dayamondi ali ndi chofooka chimodzi. Iye ndi carbon, ndipo chitsulo chikatentha chimamwa carbon. Pa galainda yothamanga, chitsulo chimamudya dayamondi m'malo moti iye adye chitsulo. Mu 1957 Robert Wentorf, wa ku General Electric komweko, anapanga cubic boron nitride, imene amangoitchula kuti CBN. Ndi yachiwiri kwa dayamondi pa kulimba ndipo chitsulo chotentha sichiidya motero. Pa lapping, poti zinthu sizitentha, dayamondi amagwirabe bwino ntchito ngakhale pa chitsulo.

## Manambala amene amapusitsa ogula

Aliyense amene anagulapo sandipepa amadziwa kuti nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Zinachokera ku sefa. Nambala 80 inkatanthauza njere zodutsa pa sefa wa mabowo 80 pa inchi imodzi. Mabowo akachuluka amachepa, njere zodutsapo nazo n'kuchepa. Koma sefa ali ndi malire. Ufa wosalala kwambiri amausankha ndi madzi. Vundulani madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja mu ndowa: mchenga umakhala pansi nthawi yomweyo, dothi limatsatira, koma matope enieni amayandama mpaka mawa. Opanga magalasi akale ankavundula emery m'madzi, n'kudikira mphindi zowerengeka, n'kutsanula madzi a pamwamba. Ufa wake ankautchula ndi mphindi zimene wayandama.

Pa sandipepa zambiri mumaona chilembo P kutsogolo kwa nambala. Umenewo ndi muyezo wa ku Ulaya wa bungwe la FEPA. P80 ili ndi njere za maikuloni pafupifupi 200, P240 cha m'ma 58, P600 cha m'ma 26, P1200 cha m'ma 15, P2500 cha m'ma 8. Msampha uli apa: ufa womwazika ndi miyala yonolera zili ndi muyezo wina wa chilembo F, ndipo F1200 ndi maikuloni 3 okha, kuchepa kasanu poyerekeza ndi P1200. Aku America ali ndi manambala awo, moti 600 yawo ikufanana ndi P1200. Aku Japan nawonso ali ndi awo. Munthu woitanitsa katundu pa intaneti akangoona 1200 n'kugula, akhoza kulandira chinthu chosiyana kwambiri ndi chimene amafuna. Ine ndimaona kuti njira yosapusitsa ndi kufunsa msinkhu wa njere mu maikuloni.

Lamulo la kagwiritsidwe kake ndi losavuta kunena, lovuta kupirira. Osadumpha masitepe ambiri, ndipo potsika pa ufa wokhakhala kupita pa wosalala, tsukani chilichonse: ntchito, mbale, manja, ngakhale pansi pa zikhadabo. Njere imodzi ya P80 ikagwera mu phala la maikuloni 3 ili ngati mwala mu mpunga wa ukwati. M'mafakitale ena ufa uliwonse uli ndi mbale yake, nsalu yake, nthawi zina chipinda chake.

## Galasi limafuna zina, ndipo apa pakubwera Kangankunde

Galasi amaliyamba ndi silicon carbide kapena dayamondi, koma likachoka pamenepo limakhala lotuwa ngati la ku bafa. Kuti liwale n'kuonekera mbali ina, amagwiritsa ufa umene suli wolimba kwenikweni kuposa galasilo. Kale unali ufa wofiira wa dzimbiri loyengedwa, umene osula ndolo ndi mphete amagwiritsabe ntchito. Masiku ano ndi cerium oxide. Ufa umenewu sudalira kukanda kokha. Pakakhala madzi, khungu la pamwamba pa galasi limafewa pang'ono, njere ya cerium oxide imamatirira pa khungulo n'kulisomphola ikamadutsa. Zili ngati kuchapa: sopo amamasula litsiro, manja n'kumalizitsa. Magalasi a maso, a kamera, a foni, ambiri anadutsa m'phala limeneli. Tizipangizo ta mu kompyuta nato amatisalaza ndi njira yofanana, pogwiritsa madzi a mankhwala okhala ndi njere za silica zochepa kuposa maikuloni imodzi kutalitali.

Cerium ndi mmodzi wa miyala ija timaimva pa wailesi ikutchedwa rare earths, imene ili pa Kangankunde ku Balaka, kumene kuli kampani ya Lindian Resources, ndi pa Songwe Hill ku Phalombe, kumene kuli Mkango Resources. Dzinalo limanamiza pang'ono, chifukwa cerium si wosowa. M'miyala yotereyi ndi iye amene amachuluka, ndipo mtengo wake ndi wotsika. Amene amakopa ndalama ndi neodymium ndi praseodymium, opangira maginito a magalimoto amagetsi. Komabe mu 2010, China itachepetsa miyala imeneyi yotumiza kunja, mtengo wa cerium unakwera kwambiri mpaka chaka chotsatira, ndipo mafakitale a magalasi anayamba kusefa phala lotha ntchito kuti aligwiritsenso, chinthu chimene kale ankangotaya.

## Kunyezimira si kulingana

Pamenepa ndi pamene ambiri timapusitsika. Chitsulo chikhoza kuwala ngati kalilole koma chili ndi zitunda ndi zigwa, monga bampala ya galimoto. China chikhoza kukhala chotuwa, chosasangalatsa m'maso, koma chili fulati moti mpweya sungadutse. Lapping imafuna chachiwirichi. Kuwalitsa ndi nsalu yofewa kumatsata zitunda zimene zilipo kale, ndipo kumabunthitsa m'mphepete. Mbale yosapindika imadya pokwera pokha mpaka ponse patalingana.

Koma mbale yoyamba yolingana inachokera kuti? Onani mphero ndi mwanamphero. Zakhulana zaka zambiri ndipo zimagwirana bwino, koma mphero inakumbika ngati mbale ya ndiwo, mwanayo n'kutukuka. Zinthu ziwiri zikhoza kugwirizana bwinobwino zonse zili zokhota. Yankho lake ndi mbale zitatu. Yoyamba ndi yachiwiri, yachiwiri ndi yachitatu, yachitatu ndi yoyamba, mobwerezabwereza. Ngati ziwiri zili zokumbika, zikakumana zimasiya mpata pakati, bodza n'kuululika. Zitatu zonse zingagwirizane pokhapokha zonse zili fulati. Joseph Whitworth wa ku England anafotokoza njira imeneyi pa msonkhano wa akatswiri ku Glasgow mu 1840, ngakhale iye ankakonda kupala zitsulozo ndi chopalira m'malo mothira ufa.

Amene anasonyeza kumene lapping ingafike ndi Carl Edvard Johansson, woyang'anira zida pa fakitale ya mfuti ku Eskilstuna, ku Sweden. Mu 1896 anaganiza zopanga timidadada ta chitsulo ta misinkhu yodziwika bwino, toti munthu akatisanjikiza apeze muyezo uliwonse umene akufuna. Zoyamba anazisalazira kunyumba, pa makina osokera a mkazi wake amene anawasintha, mkaziyo akumuthandiza. Timidadada timeneti n'tosalala moti mukatsetsereka kamodzi pa kanzake timamatirana popanda guluu kapena maginito, ndipo kulekanitsa kumafuna kupotoza. Mu 1923 Henry Ford anamutenga Johansson kupita naye ku Dearborn ku America, chifukwa kupanga magalimoto ambirimbiri a zipangizo zolowana kunkafuna kuti mafakitale onse aziyeza ndi muyezo umodzi.

Kulingana kotere lula sangakuyeze. Amayeza ndi kuwala. Amaika galasi lolingana kwambiri pamwamba pa chitsulocho n'kuunikira ndi nyali ya mtundu umodzi, kawirikawiri ya mpweya wa helium. Pamaoneka mizere yakuda ndi yowala, pachibale ndi mitundu ija imaoneka pa chithaphwi chimene mwagwera oyilo. Mizere ikakhala yowongoka, chitsulo chili fulati. Ikakhota, mzere uliwonse ukuimira maikuloni 0.29. Mu pampu ya madzi muli timphete tiwiri togundana, kena kozungulira kena koima, timene timatseka madzi kuti asatuluke potsata shafiti. Timeneti amatisalaza mpaka mizere iwiri kapena itatu, kutanthauza kusakwana maikuloni imodzi. N'chifukwa chake timabwera titakutidwa bwino, ndipo kungotiika chafufumimba pa benchi ya mchenga n'kokwanira kuti pampu yatsopano izidontha.

Ufa umachita zimene wauzidwa, ngakhale zolakwika. Galasi lalikulu la Hubble, makina oonera nyenyezi amene anatumizidwa mumlengalenga mu April 1990, ndi la mamita 2.4 m'mimba mwake, ndipo linali limodzi mwa magalasi osalala kwambiri amene anthu anapangapo. Zithunzi zoyamba zitabwera zinali zachimbuuzi. Chipangizo choyezera chinali chitamangidwa molakwika, ndiye amisiri anasalaza galasilo mosamala kwambiri kutsata muyezo wabodza. M'mphepete linaphwa mopitirira ndi maikuloni 2.2 okha. Zinatengera anthu kukwera mumlengalenga mu December 1993 kukaliveka magalasi owongolera.

## Tibwerere pa galaja paja

Valavu imakhala pa kamphete kamene amakaniko amati siti, kawirikawiri kosemedwa pa madigiri 45. Pogundana pake pamayenera kukhala kamzere kotuwa kozungulira kosaduka, kopingasa milimita imodzi kapena iwiri. Kamzere kameneka kamatseka mpweya, komanso ndi njira yaikulu imene valavu ya ekizozi imatayira kutentha kwake mu hedi. Ikapanda kukhala bwino imapsa. Mmisiri wodziwa amadzutsa valavu pafupipafupi n'kuitembenuza pang'ono kuti phala libwerere pakati ndiponso kuti lisakumbe malo amodzi. Akamaliza amathira palafini m'bowo limene valavuyo imatseka n'kuona ngati akuchucha.

Phalali lili ndi malire ake, ndipo apa amisiri amasiyana maganizo. Ena amapaka valavu iliyonse imene aimasula. Ena amati makina amakono osemera siti amasiya ntchito yolondola moti phala silifunikanso, ndipo mavalavu ena, makamaka a titanium a njinga zothamanga, ali ndi khungu lopyapyala lolimba limene phala limalichotsa. Buku la injiniyo ndi limene limanena. Chimene onse amavomereza n'chakuti valavu yopindika, yopsa kapena yokumbika kwambiri phala silingaichiritse. Kulimbikira kupukusa kumangokulitsa siti ndi kusiya ngalande pa valavu.

Thanzi nalo lili m'nkhaniyi. Anthu onola mipeni ndi mafoloko ku Sheffield m'zaka za m'ma 1800, amene ankagwiritsa miyala ya mchenga youma, ambiri ankamwalira asanafike zaka 40 chifukwa fumbi la silica linkawaumitsa mapapo. Ndi matenda omwewo amene abambo ambiri anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Lapping yonyowa siitulutsa fumbi, koma phala likauma pa benchi kapena wina akamapemerera ndi mpweya wa kompuresa, fumbilo limalowa m'chifuwa ndi m'maso.

Chomaliza ndi kutsuka, ndipo ndi pamene aulesi amaphera injini. Silicon carbide wotsalira mu hedi amatsikira mu gaidi ya valavu, m'masilinda, mu oyilo, n'kupitiriza ntchito yake pa maringi ndi mabering'i. Petulo yekha samuchotsa bwino. Pamafunika madzi otentha a sopo ndi bulashi, mpaka nsalu yoyera ikapukuta ituluke yoyera. Fumbi la mumsewu nalo limakhala ndi quartz yemwe uja wa pa 7. Mu injector, kachipangizo kopopera dizilo mu injini, singano ndi nozo yake anazisalaza kuti zikhale banja limodzi, mpata wake ndi maikuloni awiri kapena atatu, ndipo simungasinthanitse singano ya ina ndi ina. Injini zamakono zimapanikiza dizilo mpaka mabaa 2,000 (baa ndi muyezo wa kupanikizika), pamene tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi mabaa awiri okha. Dizilo wa m'chigubu chosatseka, wothiridwa ndi fanulo imene inagona pansi, amapititsa njere za fumbi mu mpata umenewo tsiku lonse injini ikulira, ndipo pakatha miyezi ingapo mwini chigayo amadabwa kuona utsi wakuda ndi mafuta akutha msanga.